PHUNZIRO LA 6: KADYEDWE, KUNENEPA NDI KULIMBITSA THUPI M'MWEZI WA RAMADHANI



Tiyamba ndi dzina la Allah amene anatilenga natipatsa nyanja ya nsomba ndi nthaka ya mbewu. Madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki wake Muhammad (S.A.W.), pa akubanja kwake ndi pa Maswahaba ake onse.

Asilamu anzanga, abambo ndi amayi, m'maphunziro apitawa taona za kuoneka kwa mwezi, za niya, ndiponso za zinthu zimene zimaononga swaumu. Phunziro la lero likunena za chinthu chimene sichimasula swaumu pa malamulo, koma chimachepetsa phindu lake ndi kuononga thupi la womangayo. Chinthucho ndi kudya kopyola muyeso, pamodzi ndi kunenepa kumene kumadza chifukwa cha kadyedwe kotere.

Taganizani izi. Mwezi umene Allah anatilamula kusiya chakudya usana wonse, ndi mwezi womwewo umene nyumba zina zimagula shuga, mafuta ophikira ndi mpunga koposa miyezi ina yonse. Munthu amanga masiku 29 kapena 30, koma m'mawa wa Idi mkanjo umene anavala chaka chatha ukukana kulowa. Kodi zatheka bwanji? Yankho lake nlakuti chimene anachisiya masana anachibwezera kawiri usiku.

1. CHOLINGA CHA SWAUMU

Swaumu ya Ramadhani inalamulidwa m'chaka chachiwiri cha Hijra, chimene ndi chaka cha 624. Mu Surah Al-Baqara ndime 183 Allah akufotokoza kuti cholinga chake ndi taqwa, ndiko kuti kumuopa Iye ndi kudziletsa. Tsono poyamba penipeni tigwirizane pa mfundo iyi: Msilamu samanga ndi niya yoti achepetse thupi. Hadith yodziwika ya Umar bin Khattab (R.A.) ikutiphunzitsa kuti ntchito iliyonse imalipidwa malinga ndi niya yake. Amene wamanga kuti aphwetse mimba basi, malipiro ake ndi mimba yophwayo. Amene wamanga chifukwa cha Allah, malipiro ake ali kwa Allah, ndipo ngati wadya mwa Sunna, thanzi limabwera pambuyo ngati mphatso yoonjezera.

Komabe thupi limene tili naloli ndi amana, katundu wosungitsidwa kwa ife, ndipo tidzafunsidwa za m'mene tinaligwiritsira ntchito. Imam Bukhari analemba nkhani ya Abdullah bin Amr (R.A.) amene ankamanga tsiku ndi tsiku ndi kuswali usiku wonse. Mtumiki (S.A.W.) anamuletsa namukumbutsa kuti thupi lake lili ndi gawo lake pa iye. Ngati munthu analetsedwa kuzunza thupi ndi ibada yopitirira muyeso, nanga ife amene tikulizunza ndi mandasi ndi shuga tidzayankha chiyani? Imam Muslim nayenso analemba kuti wokhulupirira wamphamvu ndi wabwino ndi wokondedwa kwa Allah koposa wofooka, ngakhale mwa onse awiri muli ubwino.

2. KODI KUNENEPA NDI TCHIMO?

Iyayi. Allah analenga anthu mosiyana. Ena ndi a thupi lalikulu kuyambira kumtundu kwao, ena amanenepa chifukwa cha matenda kapena mankhwala amene akumwa, ndipo amayi ambiri thupi limasintha akabereka. Surah Al-Hujurat ndime 11 ikuletsa kusekana ndi kupatsana maina onyoza. Chotero phunziro ili wina asalitenge ngati ndodo yokwapulira mkazi wake kapena mnansi wake.

Chimene chaletsedwa ndi israf, kupyola malire. Mu Surah Al-A'raf ndime 31 Allah akutilola kudya ndi kumwa, koma pomwepo akuletsa kupyola malire, natiuza kuti ochita zotere sawakonda. Ndipo muyeso wake Mtumiki (S.A.W.) anatipatsa. Mu Hadith ya Miqdam bin Ma'dikarib (R.A.), imene inalembedwa ndi Imam Tirmidhi ndi Imam Ibn Majah, tikuphunzira kuti mimba ndicho chotengera choipitsitsa chimene munthu angadzaze, kuti nthongo zochepa zongolimbitsa msana zimakwana, ndi kuti ngati munthu sangathe kupirira, agawe mimba yake patatu: gawo la chakudya, gawo la madzi ndi gawo la mpweya. Dzifunseni nokha usiku uno mukatha futali: kodi gawo la mpweya lija latsala?

Kwathu kuno tili ndi maganizo awiri amene akutipweteka. Oyamba ndi akuti mimba yaikulu ndi chizindikiro cha ndalama, ndi kuti mkazi wonenepa ndiye umboni wakuti mwamuna wake akumusamala. Achiwiri anadza ndi matenda a Edzi, amene anadziwika m'Malawi muno m'chaka cha 1985. Kuyambira nthawi imeneyo munthu akatsika thupi pang'ono, manong'onong'o amayamba pa dooko ndi pa mjigo. Chifukwa cha ichi ambiri amene anauzidwa kuchipatala kuti achepetse thupi amaopa, amati anthu andiyesa wodwala. Abale anga, kuganizira mnzako zoipa ndi kumujeda zonsezi zaletsedwa mu ndime 12 ya Surah yomweyo ya Al-Hujurat, ndipo kudwala kumene sichinthu chomusekera munthu. Inu amene mukuopa pakamwa pa anthu, kumbukirani kuti mbewa ya manyazi inafera kuuna.

3. ZIMENE MAFUTA OCHULUKA AMACHITA M'THUPI

Chakudya chili ngati nkhuni, thupi lili ngati moto. Zimene tadya koma osazigwiritsa ntchito, thupi silitaya ayi, limazisandutsa mafuta nkuzisunga, makamaka pamimba. Mafuta a pamimbawa ndiwo oopsa, pakuti amakuta ziwalo za m'kati monga chiwindi, ndipo amachititsa kuti thupi lizilephera kugwiritsa bwino ntchito shuga wa m'magazi. Apa mpamene pamayambira matenda a shuga, amene amaononga maso, impso ndi mitsempha ya kumapazi, kufikira ena amadulidwa mwendo chifukwa cha kachilonda kakang'ono kamene kakana kupola. Thupi lolemera limatopetsanso mtima, limakweza kuthamanga kwa magazi, ndipo limadya maondo.

M'chaka cha 2009 Unduna wa za Umoyo mogwirizana ndi bungwe la World Health Organization unayeza anthu m'dziko muno a zaka za pakati pa 25 ndi 64. Anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu aliwonse magazi ake ankathamanga kopyola muyeso, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa nkomwe. Akuluakulu anati chakudza sichiimba ng'oma. Nthenda imeneyi ikhoza kukhala mwa munthu zaka zambiri popanda kupweteka paliponse, tsiku lina nkungomugwetsa.

Ine amene ndikulemba izi sindikuloza ena chala. Ife mashehe ndi amwalimu timaitanidwa ku sadaka, ku ukwati ndi ku ziyala, ndipo mbale yoyamba ya mpunga ndi ntchafu ya nkhuku zimafikira pamaso pathu. Kukana timaona ngati kunyoza mwini nyumba. Zaka zingapo zapitazo, ndikuswalitsa Tarawehe, ndinaona kuti podzuka pa sijida ndikuyamba ndatsamira manja pansi kanthawi, ndipo mpweya ukundithera ndime isanathe. Ndinkati ndi ukalamba. M'mwezi womwewo mnzanga amene ndinaphunzira naye ku madrasa tili ana, mwini wa mabwato ndi makoka, anagwa pakhomo pake atangotha kumasula. Lero ali moyo, Alhamdulillah, koma mbali imodzi ya thupi inafa, amaswali chogona, ndipo lilime limene linkawerenga Surah Yasin pamtima likuvutika kutchula dzina la mwana wake. Nditachoka kokamuona ndinapita kukayezetsa. Magazi anga anapezeka okwera, ndipo sikelo inaonetsa makilogalamu 94. Zimene ndalemba m'munsimu ndi zimene anandilangiza achipatala, ndinaziyesa pa thupi langa, ndipo nditazifanizira ndi Sunna ndinapeza kuti sizitsutsana. Patatha chaka ndinali nditatsika makilogalamu 9, ndipo sijida inapepuka.

4. KUDZIYEZA PAKHOMO

Si nyumba zonse zili ndi sikelo, koma chingwe chilipo paliponse kunyanja kuno. Tengani chingwe, muyeze kutalika kwanu kuchokera kuphazi kufika pamutu, nkuchidula pomwepo. Kenaka chipindeni pakati, muzungulize m'chiuno cha pamchombo, mimba musaikokere m'kati. Ngati nsonga ziwirizo zakumana, muli bwino. Ngati zakana kukumana, ndiye kuti chiuno chanu chapyola theka la kutalika kwanu, ndipo mafuta a pamimba achuluka. Muyeso umenewu ndi wa anthu akuluakulu, amuna ndi akazi, kupatula amayi oyembekezera.

Musafune kutsika mofulumira. Theka la kilogalamu kapena kilogalamu imodzi pa sabata nzokwanira. Ndipo simufunika kuonda ngati bango ayi. Madotolo amanena kuti munthu wonenepa akangochotsako magawo 5 mpaka 10 pa magawo 100 a kulemera kwake, shuga ndi kuthamanga kwa magazi zimayamba kutsika. Kwa munthu wa makilogalamu 90, kumeneko ndi kuchotsa makilogalamu apakati pa 4 ndi theka ndi 9.

Ramadhani isanayambe, kapena m'masiku ake oyamba, aliyense amene wapyola zaka 40 apite kuchipatala akayezetse magazi ndi shuga. Safunsa anadya phula.

5. KUMASULA MWA SUNNA

Anas bin Malik (R.A.) anasimba kuti Mtumiki (S.A.W.) ankamasula asanaswali ndi tende zaziwisi zochepa, zikasowa ankadya zouma, zikasowanso ankamwa madzi pang'ono. Mayi wathu Aisha (R.A.) anasimba kuti m'nyumba za Mtumiki (S.A.W.) inkatha miyezi moto wophikira osasonkhedwa, akukhalira tende ndi madzi. Ife sitikulamulidwa kukhala ndi njala yotero, koma tiyenera kuchita manyazi tikayala mbale zisanu ndi ziwiri pa mphasa nkumati tikutsata Sunna. Imam Ghazali, amene anamwalira m'chaka cha 1111, anachenjeza m'buku lake la Ihya Ulumiddin kuti munthu amene amabwezera pa futali zonse zimene zinamuphonya masana wataya chinsinsi cha swaumu, chimene ndi kufooketsa zilakolako.

Ndondomeko yabwino ndi iyi:

(a) Adhana ikamveka, masulani ndi tende imodzi mpaka zitatu, kapena nthochi, kapena chidutswa cha papaya, ndi kapu ya madzi. Musachedwetse kumasula, pakuti kufulumiza ndiyo Sunna.

(b) Dzukani mukaswali Magharibi. Pali nzeru yaikulu pamenepa. Mimba imatenga kanthawi kuti iuze mutu kuti yalandira kanthu. Amene amagwera mbale adhana isanathe nkomwe amadya ndi njala ya tsiku lonse, koma amene wabwera kuchokera ku Swala amadya ndi mtima wokhazikika.

(c) Pa chakudya chenicheni, theka la mbale likhale ndiwo zamasamba: bonongwe, chisoso, nkhwani, kholowa, chigwada, mpiru kapena therere. Theka lotsalalo muligawe pawiri: mbali ina nsomba, nyemba, nandolo kapena khobwe, mbali inayo nsima, kondowole kapena mpunga. Amene munkadya mitanda itatu, yambani iwiri, pakapita masiku mufike pa umodzi ndi theka. Nsima ya mgaiwa ndi yabwino koposa ya ufa woyera, pakuti gaga amene timataya pokonola ndi amene amachedwetsa njala.

(d) Sankhani chimodzi. Futali wa chinangwa kapena wa mbatata wothira nsinjiro ndi chakudya chokwana pachokha. Kudya futali, kenaka mpunga, kenaka nsima usiku umodzi, kumeneko ndi kudya chakudya chamtundu umodzi katatu.

(e) Chepetsani mafuta. Galamu imodzi ya mafuta ili ndi mphamvu zoposa kuwirikiza kawiri za galamu imodzi ya ufa kapena shuga. Allah anatipatsa usipa, utaka, chambo, mcheni ndi kampango, nsomba zimene anthu a kumtunda amazigula modula. Zikaphikidwa ndi tomato ndi anyezi, kapena kuotchedwa pa makala, ndi mankhwala a thupi. Zikamizidwa m'chiwaya cha mafuta, phindu lake limasanduka mtolo. Amayi, mafuta muziyeza ndi supuni, musamathire kuchokera m'botolo. Mandasi, zitumbuwa ndi samusa zikhale za tsiku limodzi kapena awiri pa sabata, osati za madzulo alionse.

(f) Chepetsani shuga. Bungwe la World Health Organization limalangiza kuti munthu wamkulu asapyole masupuni ang'onoang'ono 12 a shuga pa tsiku, ndipo kukhala pa 6 ndiye bwino koposa. Botolo limodzi laling'ono la zakumwa zotsekemera za m'sitolo lili ndi shuga wokwana masupuni pafupifupi 8. Onjezani makapu awiri a tiyi a masupuni anayi anayi, ndi thobwa lothira shuga, muona nokha pamene mwafika. Chotsani supuni imodzi sabata iliyonse. Lilime limadandaula masiku ochepa, kenaka limazolowera.

(g) Chepetsani mchere. Muyeso wake ndi wosapyola magalamu 5 pa tsiku, pafupifupi supuni yaing'ono imodzi, kuwerengera ndi umene uli kale m'ndiwo. Timibulu togula tokometsera ndiwo tili ndi mchere wambiri. Mbale ya mchere ichoke pa mphasa.

6. CHAKUDYA CHA DAKU

Ena amati, popeza ndikufuna kutsika thupi, daku ndizilumpha. Kumeneko ndi kulakwa kawiri. Choyamba, Mtumiki (S.A.W.) anatilamula kudya daku natiuza kuti muli baraka, ndipo anawaletsa Maswahaba kulumikiza swaumu ya masiku awiri popanda kumasula. Chachiwiri, kuno kwathu timamanga maola apakati pa 12 ndi 14. Amene wayamba tsiku ndi mimba yopanda kanthu amafika pa Magharibi ali wolusa ndi njala, ndipo amadya koposa amene anadya daku.

Sunna ndi kuchedwetsa daku kufikira pafupi ndi Alfajiri. Zaid bin Thabit (R.A.) ananena kuti pakati pa daku wao ndi Swala pankapita nthawi yokwana kuwerenga ndime 50 za Qur'an. Idyani zinthu zokhalitsa m'mimba: phala la mgaiwa lothira nsinjiro pang'ono, mbatata yophika, nyemba, dzira lowiritsa, kapena nsima pang'ono ndi ndiwo zotsala. Tiyi wa shuga wambiri ndi buledi woyera zimakhutitsa msanga, koma dzuwa lisanafike pamutu njala yabwerera kale.

Madzi imwani pang'onopang'ono kuyambira Magharibi mpaka daku, makapu 8 kapena kuposa ngati ntchito yanu ndi ya padzuwa. Mkodzo ukakhala wachikasu kwambiri, dziwani kuti madzi akuchepa m'thupi.

Chenjeraninso ndi mankhwala ndi masamba a tiyi amene amagulitsidwa m'misika ndi pa lamya ponena kuti amasungunula mafuta. Ambiri a iwo ntchito yake ndi kutsegula m'mimba ndi kukodzetsa. Chimene chimachoka ndi madzi, osati mafuta, ndipo kwa munthu womanga kutaya madzi kotere nkoopsa.

7. KULIMBITSA THUPI

Ramadhani si mwezi wa tulo. Nkhondo ya Badr inamenyedwa pa 17 Ramadhani m'chaka chachiwiri cha Hijra, ndipo mzinda wa Makka unatsegulidwa mu Ramadhani ya chaka cha 8 cha Hijra. Amene amagona kuchokera Alfajiri mpaka Alasiri kuti swaumu isamuwawe, wathawa phunziro limene swaumuyo inadzera.

Imam Abu Dawud analemba kuti Mtumiki (S.A.W.) anapikisanapo liwiro ndi Mayi Aisha (R.A.) ali pa ulendo, ndipo Mayi Aisha anapambana. Patapita nthawi, iwo atanenepako, anapikisananso ndipo Mtumiki (S.A.W.) anapambana nanena kuti wabweza za tsiku lija. M'nkhani imeneyi tikuphunziramo zitatu: kuti kuthamanga si chibwana, kuti ndi kwa akazi omwe, ndi kuti mwamuna ayenera kulimbikitsa mkazi wake mwa chikondi, osati mwa chipongwe. Imam Muslim analembanso za anthu a fuko la Banu Salima amene anafuna kusamukira pafupi ndi mzikiti, koma Mtumiki (S.A.W.) anawauza kuti akhale komwe ali pakuti mapazi ao akulembedwa. Nanga ife bwanji tikukwera kabaza pa mtunda umene agogo athu ankayenda atasenza dengu la nsomba?

Muyeso wa achipatala kwa munthu wamkulu ndi mphindi 150 pa sabata, ndiko kuti mphindi 30 pa tsiku kwa masiku asanu. Kuyenda kwake kukhale kwa ndawala, koti thupi litenthe ndi mpweya ukwere, koma mukutha kulankhula ndi mnzanu.

Asodzi amene mumapalasa bwato ndi kukoka khoka, alimi amene muli ndi khasu m'manja, ndi amayi amene mumasinja, kutunga madzi ndi kutola nkhuni, inu ntchito yanu yakwana kale. Chanu ndi kusamala madzi ndi kupewa dzuwa la masana pamene mungathe. Mau awa akupita kwa ife okhala pansi: eni masitolo, eni mabwato amene timadikira pa dooko tikusewera bawo, amayi ogulitsa nsomba amene amakhala pa mpando kuyambira m'mawa mpaka madzulo, oyendetsa galimoto, a m'maofesi, ndi ife aphunzitsi.

Nthawi zabwino m'mwezi uno ndi ziwiri. Yoyamba ndi Alasiri itapita, dzuwa litapepa, pakuti madzi akumwa ali pafupi. Yachiwiri ndi usiku mutamasula. Pitani ku Isha ndi Tarawehe wapansi, ndipo pobwerera dzerani njira yotalikirapo. Tarawehe imene, kaya mzikiti wanu umaswali marakaa 20 kapena 8, ili ndi kuimirira, kuwerama ndi kugwetsa mphumi pansi, zimene zimathandiza thupi, ngakhale sitiswali ndi cholinga chimenecho. Amayi angathe kupangana awiri kapena atatu, atavala modzilemekeza, nkumayenda pamodzi kukaona odwala ndi okalamba a m'mudzi. Potero apeza thawabu ziwiri pa ulendo umodzi. Mutu umodzi susenza denga, ndipo woyenda yekha amaleka msanga.

Ngati poyenda mwamva kupweteka pachifuwa, chizungulire kapena kubanika, imani pomwepo ndipo mupite kuchipatala.

8. AMENE AYENERA KUSAMALA

Mu Surah Al-Baqara ndime 184 ndi 185 Allah wapereka chilolezo kwa wodwala ndi wa paulendo kuti amasule nkudzabweza masiku ena, ndipo akutiuza kuti Iye akutifunira zopepuka, osati zovuta. Wokalamba ndi wodwala matenda osayembekezeka kuchira amapereka fidya, kudyetsa wosauka mmodzi pa tsiku lililonse. Kukana chilolezo cha Allah pamene thupi lili pangozi si kuopa Mulungu ayi.

Odwala matenda a shuga, makamaka obaya jekeseni ya insulin, asayambe kumanga asanaonane ndi achipatala. Malangizo a bungwe la International Diabetes Federation ndi akuti womanga amasule msanga ngati shuga watsika pansi pa 3.9 kapena wakwera kupyola 16.6 pa kamakina koyezera. Zizindikiro za kutsika kwa shuga ndi kunjenjemera, thukuta lozizira, kugunda kwa mtima ndi kusokonezeka mutu. Wotere apatsidwe madzi a shuga nthawi yomweyo, ngakhale kutatsala mphindi zochepa kuti dzuwa lilowe. Kudzibaya chala poyeza shuga sikumasula swaumu.

Amene mukumwa mankhwala a tsiku ndi tsiku, a kuthamanga kwa magazi, a mtima, a khunyu, a chifuwa chachikulu kapena ma ARV, musasiye kapena kusintha nthawi yake pa nokha. Funsani kuchipatala, ndipo nthawi zambiri njira imapezeka.

Amayi oyembekezera ndi oyamwitsa, ino si nthawi yanu yochepetsa thupi, ndipo Sharia yakulolani kumasula ngati mukuopera moyo wanu kapena wa mwana. Ana akukula asamanidwe chakudya. Chofunika kwa iwo ndi kuwachepetsera maswiti ndi zakumwa zotsekemera, ndi kuwalola kusewera.

9. CHIMENE MWACHEPETSA CHIPITE KUTI?

Ramadhani imabwerera m'mbuyo masiku 10 kapena 11 chaka chilichonse. M'chaka cha 2025 inagwa m'mwezi wa Malichi, ndipo ya 2026 inayamba mu Febuluwale. Imeneyi ndi miyezi imene nkhokwe zambiri zimakhala zopanda kanthu, chimanga chisanache m'munda. Pamene nyumba ina ikudandaula za mimba yaikulu, nyumba yoyandikana nayo ikumasula ndi madzi okha, ndipo daku wake ndi madzi omwewo. Kwa abale otere phunziro la kuchepetsa thupi silikuwakhudza, koma likukhudza ife chifukwa cha iwo.

Imam Tirmidhi analemba kuti amene wamasulitsa womanga amapeza malipiro onga a womangayo, popanda kuchepetsa kanthu pa malipiro a mnzakeyo. Ndipo Mtumiki (S.A.W.) analangiza Abu Dharr (R.A.) kuti akamaphika msuzi azionjezera madzi ndi kukumbukira anansi ake. Tsono mtanda wa nsima umene mwauchotsa m'mbale mwanu usabwerere mumphika kudikira m'mawa. Mutumeni mwana akapereke kwa mayi wamasiye uja, kapena kwa agogo aja akulera adzukulu okha. Ndalama ya botolo la zakumwa ndi ya mandasi muisunge pambali, pakutha pa mwezi muonjezere pa sadaka yanu. Mukatero thupi lanu lipepuka, ndipo sikelo yanu ya tsiku la Kiyama ilemera.

10. IDI IKAPITA

Ofufuza amene anayeza anthu omanga m'maiko osiyanasiyana anapeza kuti ambiri amatsika kilogalamu imodzi kapena kuposerapo pang'ono mu Ramadhani, koma pakangopita masabata ochepa Idi itatha, thupi limabwerera pakale. Chifukwa chake nchodziwika: mwezi ukatha, chizolowezi chakale chimabwerera. Mayi Aisha (R.A.) anasimba kuti ntchito yokondedwa kwambiri kwa Allah ndi imene ili yopitirira ngakhale ikhale yochepa. Makolo athu anati pang'onopang'ono ndi mtolo.

Sunna yatipatsa kale njira yopitirizira: masiku 6 a mwezi wa Shawwal, Lolemba ndi Lachinayi, ndi masiku a 13, 14 ndi 15 a mwezi uliwonse wa Chisilamu. Mangani masiku amenewa chifukwa cha Allah, ndipo mbale yanu, supuni yanu ya shuga ndi ulendo wanu wa ku mzikiti zikhale monga m'mene zinalili mu Ramadhani. Tsiku la Idi idyani ndi kusangalala, pakuti kumanga tsiku limenelo nkoletsedwa, koma gawo la mpweya lija musaliiwale.

Ndikupemphanso eni nyumba amene mumaitana alendo: mlendo akanena kuti wakhuta, mukhulupirireni. Ndi inu abambo, musamukalipire mayi wa kunyumba chifukwa ndiwo zachepa mafuta. Akukusungirani moyo.

MAFUNSO OKAMBIRANA PA BANJA

1. Kodi ndi niya yotani imene Msilamu ayenera kukhala nayo pomanga?
2. Tchulani magawo atatu a mimba monga m'mene Hadith ya Miqdam (R.A.) ikufotokozera.
3. Kodi m'nyumba mwathu muno paketi ya shuga ndi botolo la mafuta zimatha masiku angati? Tingatalikitse bwanji masikuwo?
4. Ndani m'banja lathu amene sanayezetsepo magazi ndi shuga, ndipo apita tsiku liti?
5. Ndi nyumba iti yoyandikana nafe imene tiitumizire mbale madzulo ano?

Tikupempha Allah kuti alandire swaumu yathu ndi Swala zathu, achize odwala athu, adyetse anjala athu, ndipo atipatse matupi otha kuimirira ndi kugwetsa mphumi pansi pamaso pake kufikira tsiku limene adzatiitane. Pamene ndalondola zachokera kwa Allah, pamene ndalakwitsa zachokera kwa ine, ndipo Allah ndiye Wodziwa koposa. Amin.

Wassalamu alaikum warahmatullahi wabarakatuh.